Boyi: liwu lomwe linali wantchito lisanakhale mwana

Pa mawu a Chingerezi amene mwana wa ku Malawi amayamba nawo kusukulu, "boy" sasowapo. Amabwera limodzi ndi "girl", "cat" ndi "dog". Mphunzitsi ajambula kamwana kovala kabudula pabolodi, ana ayankha mokuwa, basi nkhani yatha. Koma liwu lomwelo likalowa m'Chichewa n'kukhala "boyi", silinenanso mwana. Boyi ndi bambo wa imvi zake amene akusita malaya a munthu wina, kapena akutchetcha kapinga pa nyumba yomwe sadzagonamo. Ambirife timati atsamunda ndiwo anatenga liwu losalakwa la ana n'kulipotoza kuti atinyoze nalo. Mabuku a mbiri ya mawu akunena zina: tanthauzo la wantchito ndiye lakale, la mwana wamwamuna linachita kubwera pambuyo. Atsamunda sanapotoze kanthu. Anangotola liwulo mmene makolo awo analisiyira.

Tiyambe ku England komweko. M'Chingerezi chakale kwambiri, chija chinkalembedwa William wa ku Normandy asanagonjetse dzikolo mu 1066, "boy" sapezeka ngati liwu wamba. Chomwe chilipo ndi dzina la munthu loti Boia, basi. Liwuli limatulukira m'zolembedwa pakati pa 1250 ndi 1300, lili "boie" kapena "boye", ndipo amene likuwanena ndi antchito aamuna, anthu a pansi, obadwira m'mabanja opanda dzina. Sipanatenge nthawi linasanduka chitukwano: wakuba, kamberembere, munthu wachabechabe, onsewo ankatchedwa "boy". Tanthauzo la mwana wamwamuna limayamba kuoneka chapakati pa zaka za m'ma 1300, ndipo linakhazikika pang'onopang'ono m'zaka zotsatira. Ndiye kuti kwa mibadwo ingapo, Mngelezi akamva liwuli ankaona munthu wotumidwa, asanaone mwana wosewera pabwalo.

Komwe linachokera akatswiri amakanganapo mpaka lero. Mu 1940, E. J. Dobson analemba kuti muzu wake ndi liwu la Chifalansa chakale, "embuié", munthu womangidwa m'matangadza, lochokera ku "boia" wa Chilatini, chomangira cha m'khosi mwa kapolo kapena mkaidi. Ife tingati goli. Ena amakana, amati n'chibale ndi "boi" wa Chifirisiya kapena "boef" wa Chidatchi, mawu a kutsidya kwa nyanja a zinenero zoyandikana ndi Chingerezi. Anatoly Liberman akuti mwina panasakanikirana mawu awiri, lina la makanda potchula mchimwene wawo, lina loopsezera ana ngati mmene ife timanenera chidzukwa usiku. Kunena zoona, nkhani ya goli ija imakoma kwambiri m'khutu la munthu wa kuno, moti ndi yoyenera kuichenjerera. Zinthu zikagwirizana bwino chotero ndi mkwiyo umene uli nawo kale, umafunika kubwerera n'kuonanso. Sindiigwiritsa ngati umboni, ndipo siikufunikanso. Matanthauzo olembedwa aja ndi okwanira.

Nanga "boy" asanabwere, Angelezi mwana wamwamuna ankamuti chiyani? Apa ndi pamene nkhani imandisangalatsa. Anali ndi mawu awiri, "cnafa" ndi "cniht". Onse awiri ankatanthauza mnyamata, onse awirinso ankatanthauza wotumikira. Anali ngati ana a mimba imodzi, koma moyo unawalekanitsa. "Cniht" anali mnyamata wotumikira mfumu kapena mwini dziko, ndipo utumiki wake unali wa nkhondo. Anakwera pa kavalo, anavala zitsulo, anapatsidwa malo, ndipo pofika cha m'ma 1100 anali atasanduka "knight", msilikali wolemekezeka amene lero dzina lake limayamba ndi Sir. "Cnafa" anatsala kukhitchini. Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, ankalembabe "knave child" pofuna kunena khanda lachimuna, opanda chipongwe chilichonse. Koma popita nthawi "knave" anatsika kuchoka pa mnyamata kufika pa wantchito, kuchoka pa wantchito kufika pa tambwali. Ajeremani anasunga mawu onse awiri pafupi ndi pomwe anayambira: kwa iwo "Knabe" ndi mnyamata, "Knecht" ndi wantchito wa pafamu. Paja "k" uja amene amazunza ana pa sipelo, wolembedwa koma osatchulidwa, kalelo ankamveka ndithu. Anasiya kumutchula m'zaka za m'ma 1600.

Amene mumasewera makadi, "knave" mumamugwira m'manja osadziwa. Khadi la J lija poyamba linali "knave", wantchito wa mfumu ndi mfumukazi. "Jack" linali dzina la anthu wamba, moti m'buku la Charles Dickens la Great Expectations la 1861, kamtsikana konyada Estella kamamuseka Pip chifukwa chotchula makadiwo kuti ma "jack". Opanga makadi atayamba kulemba zilembo m'makona, Kn ankasokonezeka ndi K wa mfumu, ndiye J anapambana. Ngakhale "girl" naye ali ndi yake: pa nthawi ya Chaucer ankatanthauza mwana aliyense, wamwamuna kaya wamkazi.

Mwaona kale chimene chikuchitika. Katatu konse Chingerezi chamanga mnyamata ndi wantchito pa chingwe chimodzi. Ndipo si Chingerezi chokha. Agiriki anali ndi "pais", Aroma "puer", Afalansa "garçon", onsewo mwana ndi wotumikira pamodzi. M'nkhani ija ya kenturiyo wa ku Kapernao pa Mateyu 8, wodwalayo m'Chigiriki ndi "pais", ndipo omasulira akhala akulimbana nazo ngati anali mwana wake kapena wantchito wake. Luka pofotokoza nkhani yomweyo amagwiritsanso liwu lomveka bwino la kapolo. Omasulira m'Chinyanja sanavutike kwambiri, chifukwa ife tili ndi liwu lochita zomwezo. Mnyamata. Tikati anyamata a mfumu, sitikunena msinkhu wawo. Angakhale ndi zidzukulu, bola ngati amatumidwa, ndi anyamata. Munthu wa bizinesi amati "nditumiza mnyamata wanga" kunena dalaivala amene anabadwa iye asanabadwe. Ndiye tisafulumire kuloza chala.

Chifukwa chake sichovuta kuchiona. M'nyumba yakale, kaya ku Rome, ku York kapena kumudzi kwathu, munthu wamkulu ankadziwika ndi zinthu zake: munda wake, nkhokwe yake, banja lake, mawu ake pabwalo la milandu. Mwana alibe zimenezi. Amadya za mumphika wa wina, amagona pansi pa denga la wina, amatumidwa ndipo sabweza mawu. Wantchito nayenso chimodzimodzi. Kusiyana kwake ndi kumodzi kokha, koma n'kwakukulu: mwana amakula n'kutulukamo. Wantchito liwulo limamukakamira mpaka kumanda. Choncho liwuli silinkawerenga zaka za munthu. Linkanena malo ake pakhomopo, ndi amene ali ndi mphamvu yomuitana.

Angelezi eni akewo ululu wa liwuli ankaudziwa bwino, asanafike n'komwe kuno. Shakespeare analemba sewero la Coriolanus cha m'ma 1608. Coriolanus ndi kazembe wa nkhondo wa ku Rome, thupi lonse zipsera, munthu amene analowa yekha mumzinda wa adani. Kumapeto kwa sewerolo mdani wake Aufidius akumuneneza zambiri pamaso pa anthu, za upandu ndi zina. Koma chimene chikumuswa mtima ndi pamene akumutchula kuti "boy". Amalibwereza liwulo mobwerezabwereza ngati munthu amene wamezedwa ndi munga pakhosi, amayamba kudzitama za mmene anaphera abale a anthu omwe amuzungulirawo, ndipo pompo amamubaya. Oonera sewero ku London sanafunike womasulira. Ankadziwa kuti kuitana mwamuna wamkulu choncho n'kumuvula.

Ndiye pamene zombo zinanyamuka, liwuli linakwera nawo lili ndi mano ake onse. Buku la Hobson-Jobson la 1886, lomwe Henry Yule ndi A. C. Burnell anasonkhanitsamo mawu a azungu a ku India, likuti kummwera kwa India ndi ku China wantchito wa m'nyumba ankaitanidwa kuti "boy". Likuonjezanso kuti ku India liwuli linakumana ndi lina la Chitelugu lomveka mofanana, "boyi", dzina la anthu onyamula machira, moti awiriwo anangosungunukirana. Afalansa, ngakhale anali ndi "garçon" wawo, anabwereka la Chingerezi m'maiko omwe ankalamulira. Ku Congo, Rwanda ndi Burundi kunapangidwanso lachikazi, "boyesse". Chiswahili chinalandira "boi". Ferdinand Oyono wa ku Cameroon anatulutsa buku mu 1956 lotchedwa Une vie de boy, lomwe m'Chingerezi ndi Houseboy. Mnyamata wake Toundi amayamba akunyadira kukhala boyi wa mzungu wamkulu wa boma, n'kuthera pa imfa chifukwa choona zambiri za m'chipinda cha abwana. Boyi amadziwa zonse za m'nyumba, zovala zamkati ndi mabodza omwe, ndipo n'chifukwa chake amayenera kukhala mwana: zonena za mwana palibe amazitenga.

Kuno kwathu kunali kuseketsa kwina komwe sindikhulupirira kuti aliyense ku Zomba anakuona. Harry Johnston, mzungu woyamba kulamulira dziko lino, anapatsidwa u-Sir mu 1896. Alfred Sharpe amene anamutsatira naye anakhala Sir, mpakana Glyn Jones wotsiriza uja. Onsewo ma "knight". Ndiye kuti pakhonde la nyumba ya bwanamkubwa, mdzukulu wa "cniht" ankaitana "boy" kuti abweretse tiyi: mawu awiri amene kalekale ankagona m'chipinda chimodzi cha antchito.

Kuti timvetse mmene zinkawawira agogo athu, tikumbukire mmene ife timaitanirana. Munthu wamkulu sumutchula dzina lake lomwe poyera. Umati a Phiri, a Banda, a Nangozo, kapena bambo ake a uje. Mnyamata akatuluka kudambwe kapena kundagala amabwera ndi dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi dzina la paubwana ndi mlandu. Mudzi wonse umagwirizana kuti uyu wakula, tisamubwezerenso m'mbuyo. Tsono munthu wotero, wovinidwa, wokwatira, wokhoma msonkho, afike pa esiteti ya ku Thyolo kapena pa nyumba ya mzungu ku Blantyre, n'kumaitanidwa "boy" ndi kamwana ka abwana ka zaka zisanu ndi chimodzi. Kwawo ndi dambo mozimira moto, kuno ndi wotumidwa wopanda dzina.

John Chilembwe, amene nkhope yake ili pa K2,000, anayambira pomwepo. Mu 1892 analowa ntchito ya m'nyumba kwa mmishonale Joseph Booth. Mu 1897 anapita naye ku America, anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, n'kubwerako mu 1900 ali mbusa. Zithunzi zake ku Mbombwe zimamuonetsa ali mu suti, mayi a kunyumba ali mu diresi lalitali, ndipo ankalimbikitsa akhristu ake kuvala mwaulemu. Ena amaziona ngati kutengera azungu. Ine ndimaona munthu amene akukana kubwezeredwa ku ubwana. Nkhondo yake ya pa 23 January 1915 itatha, boma linakhazikitsa komiti yofufuza zifukwa zake, ndipo pakati pa madandaulo a thangata, malo ndi zikwapu panatulukanso nkhani ya chipewa: munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu aliyense, mzunguyo osayankha n'komwe. Nkhani yaing'ono eti? Koma anthu anaibweretsa pamaso pa komiti, chifukwa chipewa ndi "boy" zinali kunena chinthu chimodzi.

Amene anapita ku Joni pa Wenela analipeza liwuli litalembedwa m'mabuku a kampani. Munthu wakuda woyang'anira gulu la anzake pansi pa mgodi, amene kwathu tikanamuti kapitawo, kumeneko udindo wake unali "boss boy". Tangolimvani bwino dzinalo: bwana, komabe mwana. Ameneyu nthawi zambiri ndiye ankadziwa mwala umene ukufuna kugwa, ndiye ankaphunzitsa ntchito mzungu wachinyamata wongofika kumene. Koma chiphaso chophulitsira miyala lamulo linasungira azungu mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Makampani anasintha dzinalo kukhala "team leader" lamulolo lisanasinthe.

Ku America nkhaniyi inafika mpaka pa zikwangwani ndi m'makhoti. Martin Luther King, m'kalata yomwe analemba ali m'ndende ku Birmingham mu 1963, anaika kuitanidwa "boy" mosaona msinkhu pa mndandanda wa zinthu zimene zinachititsa anthu akuda kutopa ndi kudikira. Pa 1 February 1968, antchito awiri otola zinyalala mumzinda wa Memphis, Echol Cole ndi Robert Walker, anaphwanyidwa ndi makina a galimoto ya zinyalala momwe anabisalamo mvula. Anzawo pafupifupi 1,300 ananyanyala ntchito. Zikwangwani zawo zodziwika kwambiri sizinalembe za malipiro. Zinali ndi mawu anayi okha, I AM A MAN, kunena kuti ndine mwamuna wamkulu. King anapita kukawathandiza, ndipo ndi komweko anawomberedwa pa 4 April. Patapita zaka 38, mu 2006, khoti lalikulu la dzikolo linaweruza mlandu wa Ash ndi kampani ya nkhuku ya Tyson Foods, momwe akuluakulu awiri akuda a pa fakitale ku Alabama anadandaula kuti anamanidwa ukulu ndi bwana amene ankawaitana "boy". Khoti laling'ono linali litanena kuti liwulo palokha si umboni wa tsankho pokhapokha litaphatikizidwa ndi liwu lotchula khungu. Khoti lalikulu linakana. Linati tanthauzo limadalira malo, kamvekedwe ka mawu, chizolowezi cha dera ndi mbiri ya liwulo. Oweruza ovala mikanjo anachita kulemba zimene wantchito aliyense wa m'nyumba ku Nyambadwe ankazidziwa kale.

Gawo lomwe limandivuta kwambiri ndi lathu lomwe. Dr. Hastings Kamuzu Banda anabwera pa 6 July 1958 ataitanidwa ndi andale achinyamata, Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi anzawo, amene ankafuna munthu wachikulire woti mafumu ndi anthu a kumudzi amumvere. Anali atakhala ku America ndi ku Britain zaka zambiri, ndipo liwuli ankalidziwa mbali zake zonse. Komabe nduna zake ankazitchula poyera kuti "my boys", pamisonkhano ngakhale pamaso pa alendo. Mwina wina anganene kuti anali mkulu kwa iwo ndi zaka makumi awiri kapena atatu, ndipo pachikhalidwe chathu bambo ali ndi ufulu wotero. Chabwino. Koma Orton Chirwa mu 1964 anali ndi zaka 45, loya wophunzira ku London, amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 n'kumusungira Kamuzu mpando ali kundende ya Gweru. Ndunazo zinkadandaula ndi zambiri: tiki ya kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, ubale ndi Apwitikizi ku Mozambique, kuchedwa kupereka maudindo kwa Amalawi. Pansi pa zonsezo panali kutengedwa ngati ana. Patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, pa 7 September 1964, Chirwa, Chiume ndi Augustine Bwanausi anachotsedwa, limodzi ndi mayi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere anatula pansi maudindo. Sindikunena kuti liwu limodzi ndilo linagwetsa nduna. Ndikunena kuti linaneneratu mmene mwini wake ankaonera boma: pakhomo pali bambo mmodzi, ena onse ndi otumidwa. Chisiza anaphedwa mu 1967, Chipembere anamwalirira ku America mu 1975, Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Pali mbali ina ya liwuli yomwe ndi yofunda, ndipo siyenera kubisidwa. Azibambo a zaka 60 amene anaphunzira sukulu imodzi amadzitcha "old boys" n'kumaseka mpaka misozi. Kochi wa mpira akati anyamata asewera bwino lero, palibe amakwiya. Anzako akakuti ndiwe mmodzi wa ma "boys", ndiye kuti akulandira. Liwuli likamayenda pakati pa anthu ofanana silipweteka. Limaluma likamatsika kuchokera pamwamba, pamene woitanidwayo sangabweze ndi liwu lomwelo. Yesani kuganiza wantchito wa m'munda akuyankha abwana ake kuti "yes, boy", muone ngati afika madzulo ali pa ntchito.

Azungu a m'maesiteti ambiri anapita, koma liwu lawo tinalisunga bwinobwino. Pa magulu a WhatsApp a m'matauni anthu amafunsana ngati pali amene akudziwa "garden boy" wokhulupirika, ndipo amene amabwera kudzayesedwa ntchitoyo nthawi zambiri ndi bambo wa ana asanu wochokera ku Ntcheu kapena ku Mulanje. Oitanira minibasi pa depoti timawati ma "call boy", ena a iwo ali ndi dazi. Amayi olera ana a eni ake ndi "house girl", kapena mwa Chichewa chathu chomwe, mtsikana wantchito, ngakhale mwana wawo woyamba ali ku sekondale. Pakhomo pamene pali ulemu, ana a m'nyumba amaphunzitsidwa kunena kuti a Phiri kapena ankolo, ndipo mayi wa pakhomo amati "a Phiri, tabwerani mudzadye". Pakhomo loyandikana nalo, a Phiri ena a msinkhu womwewo amaitanidwa ndi dzina loyamba kuchokera pawindo la galimoto, hutala ikulira kuti atsegule geti.